Tsiku Limene Sindinathire Mchere

Lachiwiri, pa 12 Junyu 2012, nthawi ya 10 ora m'mawa, ndinali chiimire kuseri kwa pensau, nyumba ya alendo ya Dona Amelia ku Tsangano, kamera ya televizau italoza nkhope yanga, mwamuna wovala chipewa choyera akundipatsa kambale ka mchere. Sindinakalandire. Ana anga, Tomasi, Luiza ndi iwe Grasa, mwakula mukuwaona a Selestina akuphika pa televizau Loweruka lililonse, nkumanyadira kwa anzanu kuti amenewo ndi a madrinya a Luiza, omwe anamuimirira pa ubatizo. Mwandifunsa kambirimbiri chifukwa chake iwo anapita ine nkutsala, pomwe tinkaphika m'kuzinya imodzi, ndipo ndakhala ndikukuyankhani kuti Mulungu amagawa mosiyana. Tsopano chifuwa chandikhazika pansi, ntchito ndinasiya, nthawi ndili nayo. Ndilembe mmene zinayendera, kuyambira pomwe ndinayambira.

1998, Ntengo-Wambalame

Ntchito yanga yoyamba inali yophikira anthu okonza msewu ndi milatho yomwe inawonongeka pa nkhondo. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, Tomasi ali kumsana. Bambo anu a Zakariya ankaphwanya miyala pagulu lomwelo, ndipo ndiwo anandinenera kwa kapitawo, a Matiyasi, mkulu wamtali wa mawu aakulu. Tinkaphikira pansi pa mtengo, m'migolo yodula pakati. Manyazi anga nthawi imeneyo anali osaneneka. Pogawa chakudya ndinkayang'ana pansi, moti ambiri mwa anthu aja ndinkawadziwira nsapato, nkhope ayi. Tsiku lina nyemba za gulu zinatha ndipo ndinaopa kunena. Ndinayamba kutapa zathu za kunyumba nkumaphikira anthuwo, mpaka bambo anu anadabwa kuona kuti ife tikudya chisoso chokhachokha. A Matiyasi atamva anandiitanitsa.

"Iwe Nambewe, pakamwa uli napo?"

"Ndili napo, bambo."

"Umachita napo chiyani?"

"Ndimadyera."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati, "Uzilankhulirapo mwana iwe. Nyemba zikatha uzinena, sindiluma."

Ndinavomera, koma sindinasinthe. Msewu utatha, a Matiyasi omwewo ndiwo anauza mayi wina amene ankatsegula pensau ku Furancungo kuti pali mtsikana wodziwa moto, wosaba, ndiponso wosayankha mwano chifukwa sayankha n'komwe.

2001 mpaka 2008, Furancungo

Mayiyo anali Dona Amelia, mkazi wamasiye wochokera mumzinda wa Tete, wojintcha, wosuta fodya, Chichewa chake chosakanikirana ndi Chinyungwe. Ankalowa m'kuzinya osaodira, kutenga chipande, kulawa, ndipo akapanda kukonda ankangoti, "Madzi awa, Rozalia, anthu sanabwere kudzasamba." Ndinkalira kuseri kwa nkhuni. Komabe ndiwo anandiphunzitsa kuphika pau, buledi uja, kuwotcha nkhuku ya piripiri ndi mandimu, ndi kuphika mpunga woti mbewu iliyonse iziima payokha. Pa amenewa sindidzanena choipa.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi a Selestina, Nachisale. Banja lawo linali litatha, mwana analibe. Iwo shikola anafika kalasi yachisanu ndi chimodzi ndipo Chipwitikizi chinkangotuluka, pomwe ine ndinalekera yachitatu: ndimamva, koma kuti ndiyankhe lilime limalemera. Choncho ine ndinali wa pamoto, iwo a ku meza, ngakhale pakachuluka anthu ankandithandiza kuphika. Oyendetsa shapa, maminibasi aja, ankabwera kudzadya, komanso kudzatukwanidwa ndi iwo. Wina akati, "Selestina, chaka chino ndikukwatira," iwo ankati, "Uyambe wagulira shapa yako matayala, dazi lawo laposa la agogo ako." Luiza atabadwa ndinawapempha kuti amuimirire pa ubatizo, ndipo kuyambira tsiku limenelo tinasiya kutchulana maina. Tinali kumadre ndi kumadre.

Apa ndikuuzeni za mchere, chifukwa inu a masiku ano mumazimva mwapatalipatali. Kwathu mkazi akakhala kumwezi, kapena akangobereka mwana asanatengedwe ndi makolo ake monga mwa mwambo, amaphika ndithu koma sathira mchere m'ndiwo. Amapempha wina kuti amuthirire. Akathira yekha, odyawo amadwala mdulo: miyendo kutupa, chifuwa kulasa, ena mpaka kufa. Namwino wa ku Furancungo ankati zimenezo nzabodza. Koma ine ndinaona mlongo wanga wamng'ono, Paulo, akumwalira atatupa thupi lonse ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo akuluakulu onse anati ndi mchere wa mkazi wina amene tinkadyera naye limodzi. Mkaziyo anasamuka usiku. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Zinthu zotere sizichoka m'mutu chifukwa choti namwino wanena.

Ndiye ine ndi a kumadre tinali ndi kachitidwe kathu. Nkhani imeneyi sinenedwa pali amuna, ndipo pa pensau amuna sankatha. Masiku anga akafika ndinkachotsa chitini cha mchere pambali pa moto nkuchiika pa zenera. Iwo akalowa ndi mbale zakuda nkuchiona pamenepo, ankangotapa, kuthira m'miphika yonse, nkutuluka akuimba. Masiku awo akafika ankachita chimodzimodzi, ine nkuthira. Dona Amelia ankadziwa, ankati ndi zakumudzi, koma poti chakudya chinkakoma sankalowerera.

Dzinja lina mvula inadula msewu ndipo magalimoto anasiya kufika. Mafuta ophikira anatha, mpunga unatha, matimati nkuwola m'munda. M'pensau munali aphunzitsi ndi anthu a zaumoyo amene anatsekeredwa, ofuna kudya katatu pa tsiku. Chomwe tinali nacho chinali mbatata ya kachewere, mtedza, ndi mfutso wa khwanya womwe amayi ananditumizira. Ndinasinja mtedza, ndinadula mbatata mopyapyala, nkuyala m'mphika mosanjikiza: mbatata, mfutso wonyika, nsinjiro, mbatatanso. Madzi atatsala pang'ono kuphwa ndinachotsa nkhuni, nkuika makala pamwamba pa chivundikiro monga tichitira ndi chigumu. Pamwamba panafiira, pansi panachita khoko, pakati pali lende. Dona Amelia analawa, analawanso. "Mawa uphikenso," anatero. Msewu utatseguka anthu anapitiriza kuchifuna, ndipo sitinachipatse dzina. Ankangoti, "Mbatata ija ilipo?"

Chaka chotsatira Dona Amelia anagula televizau ndi jerado yopangira magetsi, naiika pakhoma la chipinda chodyera. Amuna ankadzaza pa mpira. Ife tinkadikira Loweruka masana, pomwe pankabwera programa ya Shefi Baltazari, wophika wa ku Maputo amene ankayenda m'madera akuphika zakudya zosiyanasiyana. Ndinkaonera nditaima pakhomo la kuzinya. Sindinkasirira chipewa chake kapena kuombera m'manja kwa anthu. Ndinkasirira kuzinya yopanda utsi, ndi mpeni wake womwe unkadula anyezi ngati ukusoka. A kumadre ankavala panela, mphika wachitsulo, kumutu nkumamuyerekeza, akununkhiza chipande maso atatseka, mpaka Dona Amelia anagwa pampando ndi phwete.

"Kumadre," ankatero, "tsiku lina mudzaonekera m'bokosi umu."

"Ine? Ndingakafere momwemo."

2009, Tsangano

Dona Amelia atatsegula pensau yachiwiri ku Tsangano anatisamutsa tonse awiri. Bambo anu anakondwa chifukwa kunali pafupi ndi munda wathu. Kuzizira kwa kumeneko ndinakuzolowera mochedwa: m'mawa wa Junyu madzi a m'ndowa ankaluma zala, nkhuni zonyowa ndi mame, utsi osatuluka chifukwa tinkatseka chitseko. Ndi pamene ndinayamba kutsokomola. Odya athu anali ogula mbatata obwera ndi magalimoto akuluakulu, ndi anthu a boma odzachita misonkhano. Mbiri ya mbatata ija inayenda ndi anthu amenewo mpaka kutali.

Meyi ndi Junyu 2012

Grasa, iwe unabadwa kumayambiriro kwa Meyi. Ndinali kunyumba, usanakwane ndi miyezi iwiri, pomwe Dona Amelia anabwera okha pa mota, njinga yamoto ija, chinthu chomwe anali asanachitepo. Anakhala pakhonde akupuma mwawefuwefu.

"Rozalia, vala. Anthu a televizau akubwera sabata yamawa, Baltazari yemweyo. Akufuna mbatata ya Tsangano. Akutinso akufuna mkazi mmodzi wa kuno woti apite naye ku Maputo miyezi itatu, aziphika naye zakudya za kumudzi pa programa. Anthu akamukonda, apitirira. Ndawauza za iwe."

"Dona, mwanayu ndi wakhanda."

"Wakhanda sakula? Iwe ukufuna kufera mu utsi wanga uja? Ine ndikukuchotsa, wamva, ndikudziluza ndekha."

Sabata imeneyo sindinagone bwino. Ndinkaopa, koma ndikubisireninji, ndinkafuna. Ndinkaganiza za kuzinya yoyera ija, za Tomasi amene ankafuna kupitiriza shikola kumzinda, za chifuwa changa. Ndinkayeseza mawu a Chipwitikizi ndikusenda mbatata, a kumadre akundikonza. Tinakonzekera zonse: kapulana yatsopano yomanga m'chiuno, aventali yoyera yovala pophika yomwe Dona Amelia anandisokeretsa, mphika wabwino. Za mchere sitinaganizeko. Kwa ife inali nkhani yotha kale: chitini pa zenera, a kumadre athira. Sitinadziwe kuti pa televizau safuna munthu wodutsa.

Anafika Lolemba madzulo ndi galimoto ziwiri. Shefi Baltazari anali wamfupi kusiyana ndi mmene ankaonekera, akunjenjemera ndi mphepo, koma waulemu. Anandipatsa moni ndi manja awiri. Wolamula zonse sanali iye. Anali mayi wina wowonda wa buluku, Dona Ivoni, amene ankanena pomwe munthu aime, pomwe ayang'ane, ndi nthawi yoti alankhule. Lachiwiri m'mawa anatulutsa meza pabwalo la kuseri kuti mapiri azioneka. Anajambula mzere pansi ndi kamtengo nanena kuti mkati mwa mzerewo mukhale Shefi ndi ine basi. Kunja kwa mzere kunadzaza anthu: akuluakulu a boma oitanidwa kudzalawa, aphunzitsi, ogula mbatata, amuna okhaokha mpaka pampanda. Bambo anu analinso pomwepo. Iwe Grasa unali m'manja mwa a kumadre pakhomo la kuzinya.

Poyamba zinayenda. Manja anga ankadziwa ntchito ngakhale mutu unali utazungulira. Ndinadula, ndinayala, Shefi akulankhula ndi kamera, nthawi zina nkundifunsa dzina la chinthu. Ndinati "nsinjiro," iye anayesa kutchula nalephera, anthu anaseka, nanenso ndinamwetulira. Ndinaona Dona Ivoni akugwedeza mutu mokondwa. Kenako Shefi anatenga kambale ka mchere nanditambasulira dzanja.

"Sal, mama."

Pamenepo ndi pomwe ndinakumbukira. Mwana wanga anali asanatengedwe. Ndinayang'ana anthu odzadya aja, ndinayang'ana bambo anu, ndinaona miyendo ya Paulo. Manja anga anangodzipinda okha kumbuyo. Dona Ivoni anafuula kuti aimitse. Anafunsa ngati sindinamve. Dona Amelia anadumpha mzere nandinong'oneza, "Thira, Rozalia. Palibe afe pano. Kapena uwauze, ndi anthu awa." Koma ndikanauza ndani? Kunena kuti ndili m'masiku otani, pamaso pa amuna onsewo, ndi kachitsulo komva mawu atandikoleka pachifuwa? Anayambanso. Shefi anatambasulanso dzanja, akumwetulira mondilimbikitsa. Ndinangoti njo. Ndinamva wina pampanda akuti, "Wauma mayiyu." Atayamba kachitatu, pakamwa panga panatuluka liwu limodzi lokha, lomwe ndinalizolowera.

"Kumadre."

A Selestina anapereka mwana kwa mayi wina amene anali pakhomopo, anapukuta manja, nalowa mumzere ngati akulowa m'nyumba mwawo. Ankafuna kundiphimba, zimenezo ndikudziwa. Analanda kambale m'manja mwa Shefi nanena m'Chipwitikizi, mokweza, "Shefi, ku Tsangano mwamuna sagwira mchere. Mmene mukunjenjemereramu mungatiwawitsire dera lonse." Anthu anafa nacho chiseko. Shefi anayankha kuti akunjenjemera chifukwa cha kukongola kwawo, iwo nkuti, "Ndi mphepo imeneyo, bambo, ikakusiyani mudzandiiwala." Anathira mchere, anaika makala pachivundikiro, ndipo Shefi atafuna kusuzumira anamumenya padzanja. Dona Ivoni sanaimitse. Ankangozunguza chala m'mwamba kuuza wa kamera kuti apitirize.

Anthu atadya nkunyambita zala, Dona Ivoni anati ajambulenso zonse kuyambira poyamba. Anandipempha aventali. Ndinavula, a kumadre anavala, osandiyang'ana. Iwo chakudya chija ankachidziwa pochidya ndi pochithira mchere, koma anali asanachiphikepo okha. Choncho anandikhazika pansi kuseri kwa meza, pomwe nsalu inkandibisa, kuti ndiziwapatsira zinthu ndi kuwanong'oneza chotsatira. Masana onse ndinakhala pamenepo, Grasa akuyamwa, ndikuona mapazi a Shefi ndi a kumadre, ndikuti, "Mfutso tsopano. Chepetsani madzi. Musatakase."

Dzuwa litapendeka, Shefi anabwera yekha pakhomo la kuzinya, akudya khoko lomwe anapala pansi pa mphika. Analankhula, a kumadre akumasulira, mawu awo ali otsika kuposa masiku onse. Anati pa kamera asankha Selestina, koma waona kuti manja ndi a ndani. Anati tipite tonse, ine ndizikaphika kuseri, ndipo adzandiphunzitsa zomwe akudziwa. Koma nyumba yomwe amagonekamo antchito a kuseri simulola mwana. Miyezi itatu. Galimoto inyamuka m'mawa.

Atachoka tinatsala awiri, tikutsuka miphika.

"Kumadre, sindinabwere kudzakulandani."

"Ndinakuitanani ndine."

"Ndiye tiyeni. Grasa musiyire amayi anu, mkaka wa m'chitini ulipo."

"Mwana wosadziwa ndi kumwetulira komwe?"

"Mukatsala, nanenso ndikana."

"Mukakana sindidzakulankhulaninso."

Anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Nanga mumandilankhula kale? Zaka zonsezi ndimalankhula ndekha ngati wailesi."

Kunyumba bambo anu anamva zonse akukonza mpini wa khasu. Anati, "Amake Tomasi, ine sindikuletsani. Mukafuna kupita, ndikaitana apongozi mawa lomwe." Kenako anati, "Pomwe munauma paja, ine mumtima ndimati, thirani, mphika wonsewo ndidya ndekha." Sanafune kundipweteka. Koma mawu amenewo ndi omwe andipweteka kuposa onse amene ndinamva tsiku limenelo.

2012 mpaka 2022

Zomwe zinatsatira mukuzidziwa, ndingodutsamo. Miyezi itatu ya a kumadre inasanduka zaka. Shefi Baltazari atasiya televizau nkutsegula malo ake odyera, programa inakhala yawo. Mbatata ija inapeza dzina, batata ya Selestina, ndipo ndamva kuti imaphikidwa m'mahotela. Tsiku lina ndikupita kuchipatala ku Tete ndinaona nkhope yawo pachikwangwani chachikulu, atanyamula botolo la mafuta ophikira, ndipo ndinaseka ndekha m'shapa pokumbukira kuti chakudya chija chinabadwa chifukwa mafuta kunalibe. Musawaganizire zoipa. Kangapo konse ananena pa programa kuti anaphunzira kwa kumadre awo Rozalia a ku Tsangano. Kungoti anthu amakumbukira nkhope yomwe akuiona. Ndipo moyo wawo sunali wokoma monga muganizira. Amayi awo anaikidwa iwo ali kojambula ku Nampula, anafika manda atauma. Anandiuza kuti anthu a kumzinda ankawaseka kalankhulidwe, kuti ankalemba ntchito atsikana ongodikira kuti iwo akalambe, kuti pali masiku ankaseka pa kamera kuyambira m'mawa nkukalira m'galimoto.

Ulendo wina atabwera kudzacheza, tili awiri, anandiuza chinthu chomwe anachisunga nthawi yaitali. Anati ali panjira yopita ku Maputo anamufotokozera Dona Ivoni chifukwa chenicheni chomwe ndinakanira mchere, ndipo mayiyo anagwira mutu. Anati akanauzidwa m'makutu, akanaimitsa kamera, wina nkuthira mchere, nkupitiriza, palibe akanadziwa. Pa televizau amadula ndi kulumikiza tsiku lililonse. Anatinso woonekera pa kamera amapatsidwa chipinda chakechake, ndipo khanda akanaloledwa kupita nalo pamodzi ndi womulera. Lamulo loletsa mwana linali la antchito a kuseri okha.

"Bwanji simunandiuze kale, kumadre?"

"Chikanasintha nchiyani? Ndimaopa kuti muzidzida."

Ine ndinakhala mu utsi zaka zina khumi. Dona Amelia anamwalira, pensau inatengedwa ndi mwana wawo amene sankalowa n'komwe m'kuzinya. Tomasi shikola ya kumzinda sanapite, anayamba kunyamula anthu pa mota. Mu 2022 dotolo anandiuza kuti mapapo anga ali ngati a munthu wosuta, ine amene sindinagwirepo ndudu, ndipo ndinatula pansi ntchito. Grasa, wakula wamphamvu, ndipo ndikakuona sindinena kuti ndinataya. Koma ndimakuonanso ukuthira mchere tsiku lililonse lomwe wafuna, ukundiseka ndikakuletsa, ndipo m'nyumba muno palibe watupa. Sindikuuzani kuti ndinakhoza, sindikuuzaninso kuti mwambo ndi wabodza, chifukwa Paulo ndinamuona ndi maso anga. Chomwe chimandidya sikukana mchere ayi. Ndi kuti mayi mnzanga, Dona Ivoni, anali pafupi, woti akanandimvera, ndipo sindinayese ndi kumukoka malaya.

13 Junyu 2012

Ndalumpha m'mawa wa Lachitatu lija, ndiye ndimalize nawo. Ndinadzuka kusanache bwino, ndinabereka Grasa, ndinapita ku pensau. A kumadre ndinawapeza atavala kale, kachikwama kali pakhomo. Ndinakoleza moto nkuwauza kuti avule nsapato za ulendo. Tinaphika mbatata ija limodzi, koma ulendo uno ine manja nditapinda, iwo akuchita zonse. Ndinawaonetsa zomwe sindikanatha kunong'oneza pansi pa meza: kuti mfutso aziufinya kawiri, kuti nsinjiro ya pamwamba ikhale yowuma, kuti asamadalire maso koma azimvetsera mphika ukasiya kubwata nkuyamba kuthetheka, pamenepo ndiye achotse nkhuni. Anapsereza pang'ono m'mbali. Ndinati nzabwino, akaphunzira.

Galimoto inaliza hutala. Dona Amelia anasuzumira nati, "Ndikawauze ndine?" Ndinati ayi. Ndinatuluka ndekha, ndinadutsa pakati pa amuna omwe ankakweza katundu, ndinaima pa zenera la Shefi nkumuyang'ana kumaso. Ndinanena m'Chipwitikizi changa cholemera kuti zikomo, koma sindipita, mwana ndi wamng'ono. Aka kanali koyamba kulankhula ndi mwamuna wachilendo ndisanafunsidwe. Anagwira pachifuwa nawerama mutu. A kumadre anapsompsona Grasa pamphumi, anandifinya dzanja, nakwera osanena nthabwala iliyonse.

Fumbi lisanathe ndinabwerera m'kuzinya, chifukwa ogula mbatata ankadikira chakudya cha masana. Ndinaphika nyemba ndi nkhuku. Zitapsa ndinapakula, ndinanyamula ndekha kupita nazo ku meza, ntchito yomwe ndinali ndisanaigwirepo, ndipo pa meza iliyonse ndinaikapo kambale ka mchere kuti aliyense adzithirire. Woyendetsa galimoto wina analawa nakwinya nkhope.

"Mayi, ndiwo zosakolera chonchi bwanji? Selestina ali kuti?"

"Wapita ku Maputo," ndinatero. "Mchere uwo uli patsogolo panupo."